Kagalasi ka Mchere

Bambo okalamba a kuseri kwa sitolo ku Kande salola kuti jumbo iwadutse. Amaitola, kuikoka pang'ono, kuyang'aniramo dzuwa, n'kunena okha, "Iyi ikanagwira ntchito." Anthu amangoti mutu wayamba kuzungulira.

Kwawo ndi ku Thyolo, ndipo ankagwira ntchito mu labu ya esiteti ina ya mphira kufupi ndi nyanja. Mmenemo munali makina oponya kuwala kosaoneka m'kadontho ka mankhwala kuti adziwe zimene zili mkati. Kadonthoko ankakaika pa timagalasi topangidwa ndi mchere weniweni, todula, tochokera kunja, ndipo chinyontho cha kunyanja sichinkachedwa kutiwononga. Bambowo ndiwo anayesa kukunga pulasitiki yopyapyala ya jumbo pa katoni yoboola pakati m'malo mwa kagalasi, makina n'kuwerenga bwinobwino. Labuyo itatsekedwa, nzeruyo inatsekeredwa momwemo. Anangotsala ndi kagalasi kamodzi, kamene ankakasunga m'botolo la mpunga wouma.

Chaka chatha anagonekedwa kuchipatala. Akazi awo, mayi achitonga, pokonza m'nyumba kuti awalandire bwino, anaona kagalasiko kachita mbuu, n'kukaviika m'kapu ya madzi. Pobwera kumunda anapeza madzi okhaokha.

"Ada, ine ndimati kawale," anatero mayiwo bambo atafika, akuwapatsira kapuyo.

Bambowo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaviika chala, n'kulawa.

"Musataye, mayi," anatero motsitsa mawu. "Thirani m'ndiwo. Kagwireko ntchito komaliza."