Tsiku limene a Aristides anakana munda wawo

Mukafika ku Nkholongue n'kufunsa za a Aristides, anthu amangoloza kuphiri kenako n'kukhala chete. Ine Gina sindikhala chete ayi. Ndayandikana nawo chibwerereni kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndipo nkhani yawo imandiwawa mpaka lero.

Anabwera ndi mkazi wawo, khasu limodzi, ndi Rogerio, mwana wa mlongo wawo amene anamwalira kothawa nkhondo. Munda wa bambo awo anaupeza utasanduka tchire. Anazula zitsa okha, nabzala chinangwa m'mbali mwa phiri. Si munthu wolankhulitsa. Lamulungu ankaimba besi kutchalitchi cha Angilikani, masiku enawa mukawafuna muwapeza kumachamba, kumunda kwawoko. Chinangwa chimenecho n'chimene chinaphunzitsa Rogerio ku Metangula mpaka ku Lichinga.

Ndiye chaka china mu Juni, mwera ukuwomba, kukuzizira koti asodzi sakuponya ngalawa, Rogerio anatulukira ndi chikamera pakhosi. Akuti tsopano ndi wojambula, amajambula malo okhaokha, opanda anthu, ndipo zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera basi.

"Amalume, ndikufuna ndijambule munda wanu," anatero. "Koma muchotsemo zosokoneza."

Zosokoneza zake ziti? Mbuzi, thandala loyanikapo chinangwa, ndi khumbi lousirapo dzuwa! Mkulu uja ndi chimwemwe anagwetsa khumbilo ndi manja ake. Anavala jekete la kutchalitchi kuti aoneke bwino, mnyamatayo n'kuwauza kuti aime kumbuyo kwake. Rogerio anakwera pamwamba pa phiri m'mawa nkhungu isanachoke. Nthawi imeneyo chinangwa chinali chitazulidwa, udzu utapsa, mitengo itayoyola masamba. Iye anakulira m'munda momwemo, ankadziwa bwino mwezi umene umaoneka ngati wopanda mwini.

Patapita miyezi anatiitana ku reuniyau, msonkhano wa mudzi wonse. Kunabwera mkulu wina wabizinesi wofuna malo omangapo nyumba za alendo, ndipo anati sangatenge malo asanafunse eni mudzi. Rogerio anakhala pambali pake atavala magalasi akuda. Wabizinesiyo anatulutsa chithunzi chachikulu n'kufunsa kuti, "Malo awa ali ndi mwini?"

Chithunzicho chinayenda m'manja mwathu. Abale inu, ife malo timawadziwa ndi dothi lake lofiira, ndi kubiriwira kwa masamba, ndi njira imene timadzera kuchokera kunyanja. Ndani anauonapo mudzi wake ali pamwamba ngati khwangwala? Pachithunzipo panali phulusa, nkhungu ndi timitengo touma. Aliyense anapukusa mutu. Pomaliza anapatsira a Aristides monga wamkulu wodziwa malire.

Anachiyang'anitsitsa, n'kunena mokweza, poti ndi munthu wosanama: "Malo awa sindikuwadziwa. Pakuoneka kuti sipanapondepo khasu."

Anthu anaomba m'manja, wabizinesi uja n'kulemba. Rogerio anayang'ana pansi, osatsokomola n'komwe. Chinjoka chimenecho! Mwana amene anadya thukuta la mkuluyu, anamva amalume ake akukana munda wawo pagulu, iye kukamwa tseke.

Chithunzicho anawasiyira ngati mphatso. Tikubwerera kunyumba, a Aristides anaima panjira, nachiyandikitsa kumaso. Pakona panali kadontho koyera. 

"Gina," anatero, "uwu ndi mtanda wa Yuniya."

Yuniya ndi malemu mkazi wawo uja. Anamuika kumtunda kwa mundawo, ndipo mtandawo ankaupaka laimu okha. Anathamanga kubwerera, nkhalamba yonseyo, koma galimoto ya wabizinesi uja inali itapita. Anayenda ku Metangula kangapo kukadandaula. Kulikonse ankawayankha chimodzimodzi: munanena nokha, anthu onse akumva.

Panopa amakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Meluluca, amathandiza kuyanika usipa. Kuimba anasiya. Rogerio sanapondenso kuno, ndipo akadzayerekeza adzandipeza. Mundawo anautchinga ndi waya. Udzu ukakula, a Aristides amayenda wapansi kuchokera ku Meluluca, n'kuima pageti ndi khasu ndi chitini cha laimu, kudikira kuti mlonda akafunse kwa bwana ngati angalowe kukalambula manda a mkazi wawo.