Mchira umene sindinabweretse

Ndinadandaula koyamba, polembera kalata komiti ya alendi a m'nyumba yathu, Lolemba loyamba la mwezi wa Juni chaka chatha. Kope la kalatayo lili mufayilo yanga yobiriwira, pamodzi ndi makalata ena anayi osayankhidwa.

Nkhani yake inali ya chinyama chokhala m'denga la nyumba yathu ya lendi ku Yeoville. Ndinachiona dzuwa likuswa mtengo, chikutsika ndi paipi ya madzi: chonga mphaka koma chachitali, chamawangamawanga, mchira wamizeremizere. Zaka zonse ndakhala ku Joni sindinaonepo chotere, ngakhale kumudzi.

Komiti ya alendi inaseka. Wapampando, wobadwira konkuno, mdzukulu wa munthu wa kumigodi, anati, "Madala, agogo ankati kwanu munthu akaona chilombo amabweretsa mchira. Bweretsani mchira." M'maminitsi analemba kuti madala akuona zinthu. Mwana wanga wamkazi atamva zimenezi anayamba kukonza zonditengera kwake ku Cosmo City kuti azikandiyang'anira. Chipinda changa chinatsala pang'ono kundichoka chifukwa cha mzere umodzi.

Choncho ndinaluka msampha ndi waya wa trole yakale ya m'sitolo n'kuikamo mutu wa nkhuku. Lachisanu m'mawa, anthu atapita kuntchito, chinakodwa. Ndinaitana mnansi wanga, telala wa ku Mangochi, kuti abwere ndi mpeni.

Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mudya?"

"Ayi."

"Chakulumani?"

"Ayi."

"Ndiye mpeni wanga ulowe chifukwa chiyani? Kuti komiti isangalale? Taonani kumimbako, chikuyamwitsa ichi."

Zinali zoona. M'denga munkamveka tiana tikulira. Ndinakumbukanso kuti chibwerere chinyamachi makoswe analeka kudya mapepala anga, ntchito imene komiti inalephera.

Foni yanga ndi yamabatani, ya telala inali kwa okonza, choncho panalibe chojambulira chithunzi. Ndinatenga pepala la kaboni, ndinaliyala pa pepala loyera pakhomo pa msampha, n'kutsegula. Chinaponda bwinobwino ngati chikusayina, n'kukwera paipi osacheuka.

Pa msonkhano wotsatira wapampando anakweza pepalalo m'mwamba. "Hau, madala, awa ndi mapazi a pusi!" Umboni wa telala anaukana, ati ndi mnzanga wa bawo. Inde ndi mnzanga wa bawo, ndipo amabera, koma maso ali nawo.

Sutikesi imene mwana wanga anabweretsa kuti ndilongedzemo katundu ikadali pansi pa bedi, yopanda kanthu. Wanena kuti adikira mpaka komiti ilankhule.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha komiti indiyankhe molemba pa mfundo ziwiri. Choyamba, ngati munthu wamkulu ayeneradi kupha cholengedwa choyamwitsa kuti mawu ake amveke. Chachiwiri, mzere uja ufufutidwa liti m'maminitsi. Yankho lilowetsedwe pansi pa chitseko changa, losayinidwa, makope awiri.