Amuna Anga Anawotcha Nsato Ngati Fodya

Amuna anga anagwira ntchito yosonkhezera moto m'mabalani a fodya pa esiteti ina kuseri kwa Mponela, kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu. Akangolowetsa mkono pakhomo la balani, ankadziwiratu ngati tsamba lituluke lokongola kapena lopserera. Eni esiteti atasiya fodya wowotcha, anawauza kuti zikomo, kapumeni. Tinabwerera kumudzi, m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, ndipo munthu uja anakhala pakhonde. Kukhala kwenikweni ndikunena. M'mawa pakhonde, masana pakhonde, maso kuphiri, kukamwa osatsegula. Chakudya ankangolawa. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinaitana akulu a mpingo, koma ayi ndithu. Mwamuna ankandifera ali maso, ndipo ine ndinali ndi mantha.

Chimene chinawadzutsa si pemphero langa, Mulungu andikhululukire. Ndi njoka. Osaka mbewa atatentha tchire, ndinakankha amuna anga kuti akaone ngati moto sunalowe m'dimba. Anabwerako ndi thumba la feteleza likugwedezeka. M'katimo munali kamwana ka nsato, kautali ngati mpini wa khasu.

"Bambo, mwapenga?" ndinafunsa nditakwera pamtondo.

"Kalibe mayi wake," anatero.

"Ndiye mayi wake ndikhale ine?"

Anaumba njerwa, anamanga khola kuseri kwa khitchini, anaika chitseko cha sefa ndi beseni la madzi. Ankatchera makoswe m'nkhokwe uku akuimba mluzu. Pamjigo amayi anzanga anayamba kunong'ona kuti kwathu tikukhwima, tasunga njoka yolavula ndalama. Ndinawaonetsa chitenje changa chong'ambika n'kuti, "Ikadzayamba kulavula ndidzakuitanani mudzatole." Njokayo ndinkadana nayo koopsa, koma ndinangoluma mano, chifukwa mbale ya amuna anga inayamba kubwerera yopanda kanthu.

Kenaka kunabwera Juni. Kwathu kuno Juni sachita nthabwala, nkhungu imatsika m'phiri n'kudzakhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Nsato inasiya kudya, inangodzipinda pakona. Amuna anga anati yazizidwa, ndipo maso awo anawala, poti nkhani ya moto ndiye inafika kwa mwini wake. Anakumba ngalande pansi pa khola lonse, anayala lata pamwamba pake, anathira mchenga pang'ono, kunja anamanga kang'anjo ndi kachumuni. Balani lenileni, koma laling'ono. Anasonkhezera zitsononkho, analowetsa mkono m'kholamo, n'kugwedeza mutu ngati dokotala. "Apa zili bwino," anatero.

Mpweya unalidi bwino. Chimene anaiwala n'chakuti fodya amamupachika m'mwamba, sagona pa paipi ya moto. Njoka imagona chafufumimba, ndipo chitsiru chimenechi chikamva kufunda sichisuntha ngakhale chikupsa.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinamva akundiitana ndi mawu achilendo. Ndinawapeza atagwada, nsato ili m'manja mwawo chagada. Mimba yake inali psuu, matuza ali mbwee, mamba ena atasupuka. Ine ndinathamangira jivi, mankhwala amene m'nyumba mwathu amachiza chilichonse kuyambira zilonda za m'kamwa mpaka bala la mbuzi. Ndinathira botolo lonse nditaima patali. Njoka inasanduka yapepo ngati mkanjo wa kwaya.

Amuna anga anaiika pansi mofatsa, anasamba m'manja, n'kukakhala pakhonde. Tsiku limenelo sanadye. M'mawa mwake sanadye. "Zaka zonsezi sindinapserezepo tsamba ndi limodzi lomwe," anatero osandiyang'ana, basi anathera pomwepo.

Koma abale inu! Ndinakwera kabaza mpaka kwa alangizi a ziweto, ine mayi wa mvano, kukapempha mankhwala a njoka. Alangiziwo anaseka mpaka kugwira mimba. Nditawayang'ana ndi diso limene ana anga amalidziwa, anasiya, n'kuimbira foni mnzawo wina wodziwa za nyama zakutchire. Atadula foni, alangiziwo anandiuza kuti jivi ndisiye, akungobisa chilonda. Mchenga wonse uchoke chifukwa ukumatirira pabala, pansi ndiyale nyuzipepala youma ndi kusintha tsiku ndi tsiku. Chilonda ndizitsuka ndi madzi owiritsa atazizira, odonthezamo ayodini mpaka aoneke ngati tiyi wa mlendo wosafunidwa, kenaka ndizipaka mafuta a zilonda zamoto. Kufunda kuzichokera mbali imodzi yokha, ndi chigubu cha madzi ofunda chokulunga m'nsanza, kuti mbali ina ikhale yozizira njoka izisankha yokha. Khoswe azikhala wakufa, wamoyo angailume pabalapo. "Ikafundula n'kudya, ndiye kuti yapulumuka," anatero alangiziwo. "Ikapanda kudya, mayi, konzani khasu."

Nditafika kunyumba ndinaima pamaso pa amuna anga, manja m'chiuno.

"Dzukani."

"Isiyeni ife, mayi. Ndaipha ndine."

"Sinafe! Moto munayatsa ndinu, ndiye mukufuna mutu ndigwire ine? Ndigwire mutu, ndigwire mchira, nditsukenso chilonda, kodi ndili ndi manja angati? Dzukani, musandipsetse mtima!"

Anadzuka chifukwa choopa pakamwa panga, osati china. Iwo anagwira mutu nkhope atatembenuzira kumbali, ine ndinagwira thonje. Thupi la njoka, anthuni, ndi lozizira, lolimba, ndipo limayenda m'manja mwako ngakhale ilo lili pamodzimodzi. Tsiku loyamba ndinasanza kuseri kwa nthochi. Lachiwiri inandikulunga pamkono, ndinaitukwana mayina amene sindingawabwereze pano. Tinachita zimenezi m'mawa uliwonse, masabata osawerengeka, ngalande ija titaikwirira. Amuna anga ankagwira, tikamaliza ankabwerera pakhonde. Thalauza linayamba kuwavuka m'chiuno.

Nsato inafundula, koma mwa zidutswazidutswa, moti tinachita kuiviika m'beseni kuti khungu lakale lichoke. Pansi pake panali chipsera choyera, mamba atamera mokhotakhota. Chilonda chinali chitauma. Koma kudya, ayi. Ndinaiikira khoswe, inangomununkhiza. Patapita masiku ndinaikanso wina, nyerere ndizo zinadya. Amuna anga anasiya n'kufunsa komwe.

Tsiku lina dzuwa litatentha bwino, ndinapha khoswe wonenepa m'nkhokwe, ndinamugwira mchira ndi mbaniro ya makala, n'kukagwada pakhomo la khola. Ndinayamba kumuvinitsa. Nsato inangondiyang'ana.

"Idya, mfiti iwe," ndinatero. "Ukudziwa zimene ndasiya kuti ndidzakuvinire pano? Ukufuna undiphere mwamuna? Idya!"

Sindinaione ikudumpha. Ndinangomva mbaniro yachoka m'manja, ine chagada m'fumbi, miyendo m'mwamba, mpango uko, ndikukuwa kuitana amayi anga amene anamwalira kalekale. Nditadzuka, nsato inali itamukulunga khoswe uja, ikufunafuna mutu wake kuti iyambe kumumeza.

Kumbuyo kwanga ndinamva phokoso ngati munthu watsamwa. Anali amuna anga, atagwira khoma la khitchini, akuseka. Ankaseka mpaka kutsokomola, akundiloza, misozi ili chuchuchu, kulephera n'kuyankhula komwe.

"Mukuseka chiyani?" ndinakalipa. "Munthu wagwa inu mukuseka?"

"Mayi," anatero atapezako mpweya, "pali kanthu kotsala m'poto?"

Ndinawauza kuti ine si wantchito wawo. Ndinalowa m'khitchini, ndinatseka chitseko, ndinadziphimba kukamwa ndi chitenje kuti asandimve, ndipo ndinalira. Kenaka ndinapha tambala amene ndinkasungira Khirisimasi.