Sizasi ya Malume

Malume anga ankathamanga mpikisano wa m'mapiri, makilomita 160, kutchire kopanda msewu kapena nyumba. Lamulo lake ndi lankhanza: ukafika mochedwa pa tenti ya pakati pa njira, amakudula kachingwe ka pamkono, basi watuluka.

Chaka china anachedwa ndi mphindi imodzi yokha, mapazi ali magazi okhaokha. Mkulu wa sizasi atangodula kachingweko, malume anamukhoma chibakera pakamwa, mano awiri n'kugwera m'fumbi. Anamupondaponda mpaka amuna anayi anachita kuwakoka. Anawaletsa kuthamanga moyo wawo wonse.

Lero sizasiyo ili m'manja mwawo, poti ntchitoyo palibe amaifuna. Othamanga anawapinda mphuno, anawathyola nthiti ziwiri, koma sabwezera.

Chaka chatha ndinathamanga ine, n'kuchedwa ndi masekondi makumi anayi.

"Malume, chonde!" ndinalira.

"Bweretsa mkono, mphwanga."

Anadula. Ndinawamenya mbama yoti anadzandira n'kukagwera pa tebulo la madzi. Anadzuka, analavula magazi, n'kundiyang'ana.

"Wamaliza? Khala pansi, vula nsapato ndikutsuke mabalawo."