Nyemba m'Mphuno mwa Limbani

Ndinali ndi zaka khumi pamene anandipatsa ntchito yolera mlongo wanga Limbani. Zipani zinali zitangochuluka kumene, sukulu itayamba kukhala yaulere, ndipo m'mudzi mwathu, kuseri kwa phiri kufupi ndi Kasakula, ana onse ankatsetsereka m'mawa atanyamula makope m'majumbo a shuga. Ine ndinkapita masiku atatu okha pa sabata. Masiku enawo ndinkatsala ndi Limbani kuti makolo apite kumunda wa fodya.

Limbani anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi koma sankalankhula. Ukamuitana sankacheuka. Galimoto ikalira kumsewu ankatseka makutu n'kumamenyetsa mutu kukhoma, ndipo akayamba kuthamanga sankaona chitsime kapena moto. N'chifukwa chake masiku amene ndinali kusukulu bambo ankamumanga mwendo ndi chingwe cha khonje pamzati wa pakhonde. M'kalasi mtima wanga sunkakhala pamodzi. Ndinkangoganiza za mwendo uja, womwe ndinkaupeza utasupuka.

Amene anaona zomwe ife sitinkaona anali aNaphiri, mayi woumba mbiya amene tinayandikana nawo nyumba. Tsiku lina anaima pabwalo pathu, dongo lili pamutu, n'kumayang'ana Limbani akundandalika timiyala.

"Taona, mwanawe," anatero kwa ine. "Yoyera ili payokha, yakuda payokha. Mwanayu nzeru zilimo. Tabweretsa lichero."

Anasakaniza nyemba ndi chimanga, n'kuika mbale ziwiri pambali. Sanamuuze kanthu. Anangokhala pafupi naye n'kuyamba kusankha. Posakhalitsa kadzanja ka Limbani kanalowa m'lichero, ndipo anakhala phee mpaka dzuwa linafika pamutu. Bambo ataona zimenezi anapachika chingwe chija kudenga, ndipo aNaphiri anavomera kumakhala naye ine ndikapita kusukulu.

"Koma usamusiye yekha nazo," anandichenjeza. "Uzisankha naye."

Ndinamvera sabata imodzi. Sabata yachiwiri anzanga anayamba fulaye kuseri kwa chigafa cha fodya, ndipo phokoso lawo linkandikoka. Ndinamudzazira lichero n'kuzemba. Ndinkati ndingoponya kawiri.

Nditabwerera ndinapeza nyemba zili mbwee pansi. Limbani ankazungulira pamalo amodzi akulira kaliridwe kachilendo, chala chili m'mphuno. Nditamugwira mutu ndinaona nyemba yofiira ili mkati, patali. Ndinathyola kamtengo kuti ndiikolowole, koma inangolowerabe, magazi n'kuyamba kutuluka. Apo m'pamene ndinathamangira kwa aNaphiri.

Anandilanda kamtengo kaja n'kutaya kutali. Anatuma munthu kumunda, ndipo bambo anafika thukuta lili kamukamu, manja ali ndi utomoni wa fodya. Sanandiyang'ane. Mayi, amene anafika pambuyo pawo, anabereka Limbani n'kukwera kumbuyo kwa njinga ya bambo, ulendo wa kuchipatala.

Masana onse aja ndinakhala pakhonde, maso ali kunjira yotsika phiri. Njinga iliyonse ndinkayesa ndi yawo. Ndinkadzifunsa ngati nyemba imatha kukwera mpaka kubongo, ngati munthu amafa nayo, ndiponso chomwe ndidzanene pamaliro anthu akadzafunsa kuti mlongo wakeyo anali kuti. Ndinatola nyemba zonse zapansi imodziimodzi ngati kuti kutero kukonza kanthu.

Anabwera dzuwa litapendeka, Limbani ali m'tulo kumsana. Bambo anatambasula dzanja langa n'kuikamo kapepala. M'katimo munali nyemba ija, itafufuma. Sanandimenye, koma ndikanakonda akanandimenya, chifukwa chomwe anachita ndi kupita kudenga kukatsitsa chingwe.

ANaphiri anagwada pakhomo. "Bambo a Limbani, wolakwa woyamba ndine. Ndinapatsa mwana tinthu ting'onoting'ono. Chingwecho chiyambe chadikira, tiyeseko zina."

"Mukufuna mundiphere mwana?" anafunsa bambo motsitsa mawu.

"Ayi. Koma pamzatipo sakuphunzirapo kanthu."

Bambo anayang'ana chingwe chija, kenako anati, "Mwezi umodzi."

Kwa ine aNaphiri ananena mawu ochepa. "Iwe unayesa licherolo ndi mlezi. Masewera a mwana ngati uyu amafuna anthu awiri."

Tinayambiranso ndi zinthu zoti sizingalowe m'mphuno kapena kukhosi. Tinkasanja zitsononkho, zazitali kwina, zazifupi kwina. Tinkakanya dongo n'kuumba ng'ombe zopanda miyendo. Tinkathira madzi kuchoka m'chikho china kupita m'china, ndipo anzanga akayamba phokoso ndinkamutengera kuseri n'kumaomba naye m'manja pang'onopang'ono mpaka mtima wake utatsika. Masiku ena ankataya zonse n'kukuwa, ine n'kumaopa kuti bambo amva. Mwezi unatha, bambo sanamumangenso.

Tsiku lina tikusanja, Limbani anatola chitsononkho, n'kuchiika m'manja mwanga, n'kudikira. Sanatole china mpaka ine nditaika changa pamulu. Kanali koyamba kuti andiyembekezere.

Lero Limbani wayamba imvi. Mawu ake ndi owerengeka, koma nyengo yosankha fodya anthu amachita kumulimbirana, chifukwa tsamba losiyana maonekedwe silimudutsa. Ine ndili ndi ana anga, ndipo makolo a ana onga iye akandifunsa zoti azichita nawo, ndimawatchulira dongo, madzi ndi zitsononkho. Koma ndimawauzanso chomwe ndinachimvetsa mochedwa: chimene chinathandiza mlongo wanga si zinthuzo ayi. Ankafuna munthu woti akhale naye pansi, pafumbi pomwepo, osathamangira kwina.