Bulangeti la Pesito

Tsiku limene mwini golosale anamubwezera mabotolo onse, mayi wina anakhala pansi m'khitchini mwake n'kulira. Pesito amene anatsira dzulo lake ali wobiriwira anali atada pamwamba ngati matope.

"Mayi, ine ndimakufunirani zabwino," anali atanena choncho mwini golosaleyo, "koma zakuda chonchi agula ndani?"

Mwina pesito simumudziwa. Ndi sosi wa ku Italy wosaphika. Amasinja pamodzi masamba onunkhira a bazilo, adyo, mtedza wokazinga, tchizi, mchere ndi mafuta a olivi. Malemu mwamuna wa mayiyu, yemwe anali khukhi pa lesitilanti, ankakonza sosi ameneyu kunyumba Lamlungu lililonse. Atamwalira sanasiye chuma ayi. Anasiya mwana wamkazi wongoyamba kumene sukulu, kamtondo ka mwala, ndi zitini zobzalamo bazilo zondanda pawindo.

Alamu ake, achimwene a malemuyo, sanali munthu woipa, kungoti ankalankhula mosapsatira.

"Mlamu, masamba salera mwana. Temu ikatha ndibwera kudzatenga mtsikanayu, tikamulere ife."

Mawuwo anamubaya pamtima. Mwamuna wapita, ndiye mwananso apite?

Anayesanso. Anasintha mabotolo, pesito n'kuda. Anayanika masamba pansalu mpaka osatsala dontho la madzi. Zinathandizako, koma pamwamba pankadabe. Aneba anamupatsa dzina loti Mayi Masamba. Zokanika kugulitsazo ankadya okha, supageti masana, supageti madzulo, mpaka mwana anafunsa, "Amayi, kodi tinalakwa chiyani?"

Ndikuuzeni chinthu chimodzi chokhudza mayiyu: pa mafuta anali woumira. Botolo ankalipendeka ngati akuthira mankhwala m'maso.

M'mawa wina, akutseka botolo la mafuta msangamsanga monga mwa chizolowezi, anakumbukira mmene ankakalipira mwamuna wake. Bamboyo akamaliza kutsira pesito m'botolo, ankathiranso mafuta pamwamba.

"Bambo a mwana, mwamaliza kale, nanga mafutawo mukutayiranji?"

"Ndikumufunditsa bulangeti, mayi. Ameneyu mphepo ikamukhudza amadwala."

Popeza malemuyo anali wanthabwala, mayiyo ankangoti ndi zocheza. Osadziwa kuti mpweya ndi umene umadetsa masamba osinja, ndipo mafuta aja ankautchinga. Mayiyo anaseka yekha m'khitchini muja, misozi ili chuchuchu. Anamusowa kwambiri mwamuna wake tsiku limenelo.

Anasalaza pesito ndi supuni, anapukuta m'mbali mwa botolo, n'kuthira mafuta mosaumira mpaka zonse zinamira. Anatseka n'kuika m'firiji. Kutacha, pesito anali wobiriwira ngati wangochoka mumtondo.

Anabwerera kugolosale kuja, manyazi ataika pambali. Mwini wake anazunguliza botolo, n'kumupatsa kakona ka shelefu m'firiji. Loweruka mayiyo ankaima pomwepo n'kumalawitsa anthu pa buledi.

"Osamuika pamoto, amawawa," ankawauza. "Phulani kaye supageti, kenako sakanizani, ndi timadzi tophikira tija pang'ono. Mukatapako ndi supuni yoyera, mufunditseninso mafuta. Wotsala muumitseni m'kathireyi ka ayisi, muzichotsa kamodzikamodzi."

Amene analawa anabweranso, ndipo anabwera ndi anzawo. Zitini za bazilo zinadzaza windo, zinafika pakhonde, zina aneba omuseka aja n'kumamusungira.

Temu itatha, alamu anafikadi, chikwama cholongezamo zovala za mwana chili m'manja. Mtsikanayo anabisala kumbuyo kwa mayi ake, atagwira siketi zolimba.

"Alamu, yambani mwadya," anatero mayiyo.

Alamuwo anadya. Anayang'ana mabotolo odikira kupita kugolosale, anayang'ana kamtondo ka mng'ono wawo, kenako anapukuta m'maso.

"Fungo ili ndi la mng'ono wanga," anatero. Kenako anakankha chikwama chija. "Ichi chisabwerere chopanda kanthu. Ikanimo mabotolo awiri. Mwanayu akhale ndi mayi ake."

Lero mtsikana uja akukulira m'nyumba momwemo, ndipo mafuta amathira mowolowa manja ngati bambo ake.

Inu amene zanu zakuderani kangapo, mwina yankho munalimva kale koma munaliyesa nthabwala. Paja mawu amakoma akagonera. Pukutani misozi, tengani botolo lina, muyesenso. Osataya mtima.