Galimoto ya Abambo pa Njerwa

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogonera khoma. Azimayi a kwaya anali atatopa, nyimbo zikungotulukira m'mphuno. Amayi anali chikhalire pafupi ndi bokosi la abambo. Kunja chiperoni chinali chitanyowetsa chilichonse, ndipo nditatuluka kukaona za moto ndinapeza nkhuni zikungofuka utsi, ophika akupukuta maso.

Ndili pomwepo ndinaponya maso pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene pankaima galimoto ya abambo. Inali itapendekeka. Matayala awiri akumbuyo panalibe, m'malo mwake atasanjapo njerwa. Boneti inali yasaa, batire mulibe.

Galimotoyi abambo anaigula ili chiphakasa pamene ankapuma ntchito ya udalaivala ku esiteti. Inali ija yakalekale yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo inafika pakhomo chokokedwa, pampando pali zitosi za nkhuku. Anaikonza okha kwa zaka ndi zaka. Injini anaimasula yonse, zitsulo n'kuziyala pachiguduli, kumatsuka chimodzichimodzi ndi palafini. Masipeya ankakasaka ku Limbe, malabala ena ankangodula okha kumatayala akutha. Amayi ankati anawakwatira mitala ndi chitsulo. Koma itadzuka, dera lonse la Khwethemule linaidziwa. Mvula ikagwa, misewu ya m'minda ya tiyi ikaterera, ndi yokhayo inkakwera. Inanyamula amayi apakati, odwala, ndi maliro a eni ake osawerengeka. Ali gone m'chipatala, abambo ananena pamaso pa tonse, alongo awo ali pomwepo, kuti tsiku lawo likadzafika tidzawanyamulire pa galimoto yawoyo popita kumanda a kwawo ku Kapichi. Sanapemphe china.

Amene anachotsa matayala ndi batire sizinali mbava zakutali ayi. Amuna amene anagona panja pamoto nditawafunsa anangoweramitsa mitu, mpaka mkulu wina anandinong'oneza kuti ndi asuweni anga, ana a alongo a abambo. Kwathu kuno amati katundu wa mwamuna ndi wa kwawo, ife ana ndife a kuchikazi. Asuweniwo alipo atatu, ndipo aliyense ankaopa kuti mnzake aithawitsa tikangoika maliro. Wamkulu anabisa makiyi. Wachiwiri ataona choncho anazula batire. Wamng'ono anakatenga jeke pamene abambo ankasunga n'kumasula matayala. Anthu akuimba m'nyumba, iwo ali kalikiliki ndi sipanala.

Ndinawapeza azakhali, alongo a abambo aja, akugawa ufa, ndipo ndinawakumbutsa mawu a kuchipatala aja. Anati ndisabweretse phokoso pamaliro, za galimoto tidzakamba tikameta. Ndinapita kukagwada kwa msuweni wamkulu, ine mayi wa ana akuluakulu, mawondo m'matope, kumupempha kuti abweze kwa lero lokha. Anati abweza enawo akayamba. Enawonso ananena zomwezo. Palibe anafuna kuyamba.

Dzuwa silinaoneke tsiku limenelo. Anthu anabwerabe ochuluka, othyola tiyi atadzikulunga mapulasitiki, a mpingo ndi maambulera, ena wapansi kuchokera ku Changata. Aliyense wofika ankayamba wayang'ana pansi pa mtengo paja, kenako n'kuyang'ana kumbali. Anthu anadya chiimire. Pa mwambo, woyankhula m'malo mwa banja anali msuweni wamkulu yemweyo. Anayamika amalume ake kuti anali munthu wa luso ndi wachifundo, mpaka analira. Misozi yeniyeni, abale, makiyi ali m'thumba. Ndinamuda kwambiri pamenepo, ndipo sindinasiyebe.

Akubanja anali atabwereka pikapu yonyezimira ya m'tauni. Tinakweza bokosi, amayi ndi ine tinakhala pambali pake, gulu likutsatira ndi nyimbo. Kuchoka pakhomo pathu msewu umatsikira pamlatho, kenako n'kuyamba chitunda chachitali chodutsa m'tiyi. Pikapu ija itangofika pakati pa chitundacho inayamba kupalasa, matope ofiira akuthovukira anthu kumaso. Amuna anakankha, osatheka. Inabwerera chammbuyo n'kukhala m'ngalande, bokosi linatsetsereka n'kugunda chitseko chakumbuyo. Amayi anakuwa. Chitunda chimenecho abambo ankakwera akucheza, dzanja limodzi pachiwongolero.

Anatsitsa bokosi n'kulinyamula pamapewa. Ulendo wake ndi wautali. Amuna ankasinthana, ena kuterereka n'kugwada nalo, ndipo nsalu yoyera imene tinafunditsa bokosi inasanduka yofiira. Kwaya inasiya kuimba, kunkangomveka kupuma ndi matope. Panjira mayi wina wachikulire, amene abambo anamunyamulira maliro a mwana wake chaka chatha, anandigwira mkono.

"Nanga galimoto yawo ija inafa?"

"Ili bwinobwino, amayi," ndinatero.

Tinafika kumanda mochedwa, adzukulu atakwiya, akukapa madzi m'dzenje ndi ndowa. Abusa anafupikitsa mawu. Tinawaika abambo mvula ikuwaza.

Amayi anatsala ku Kapichi monga mwa mwambo, ine ndinabwerera kukatseka nyumba. Ndinafika kukuyamba kuda. Pabwalo panali phulusa lonyowa ndi mabenchi a kutchalitchi atagadabuzika. Pansi pa mtengo ndinapeza asuweni atatu aja atanditsogolera, tsopano akumvana bwinobwino, wina akumanga matayala, wina akulumikiza batire. Wamkulu anandiyandikira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Tikaisunge kwathu, asuweni. Kuno ingabedwe."

Anangopotokola kiyi kamodzi, inalira. Ndinakhala pakhonde ndekha, zovala zili chinyowere, ndikuyang'ana nyali zake zikutsikira pamlatho. Inakwera chitunda chija osapalasa ngakhale pang'ono, kumbuyo kulibe kanthu. Phokoso lake litazimirira m'tiyi, ndinalowa m'nyumba n'kupinda mphasa pamene panali bokosi.